Oyilo wakuda akachoka mu injini ya boti amagona kuti?

Kusintha oyilo mu injini ya boti la matanga ndi ntchito ya ola limodzi, koma zida zake zimakhala zikudontha sabata yathunthu. Pampu, kapaipi kake, fanelo, fyuluta yakale ndi nsanza zimatuluka pa ntchitoyo zili noninoni ndi oyilo wakuda, ndipo eni maboti ambiri amene ndawakonzerapo injini m'mbali mwa nyanja yathu amangozikankhira m'kabati ya pansi pa mpando n'kutseka. Akatero amati ntchito yatha. Ine ndikuti sinathe, chifukwa zimene zili m'kabatimo zimathera m'nyanja. Boti lililonse lokhala ndi injini liyenera kukhala ndi ndowa imodzi yotseka bwino yosungiramo zonsezi, ndipo oyilo wakudayo azitsikira kumtunda zida zikangotha kudontha.

Wozolowera galimoto angadabwe kuti vuto lili pati. Pagalimoto makaniko amagona chagada pansi, kumasula bawuti, oyilo n'kugwera m'beseni. M'boti la matanga injini imakhala pansi penipeni, yopanikizika mbali zonse, moti kunsi kwake nthawi zambiri sikulowa beseni ngakhale dzanja. Oyilo timachita kumuyamwa ndi pampu kudzera pa kabowo kamene pamalowa kandodo koyezera oyilo. Umayamba waliza injini mphindi ngati 10 kuti oyilo atenthe n'kupyapyala, apo ayi upopa mpaka mkono kuuma. Injini yaing'ono ya dizilo ngati Yanmar 2GM20 imalowa pafupifupi malita 2, ndipo mabuku a injini zamtunduwu amati uzisintha pakatha maola pakati pa 100 ndi 250, kapena kamodzi pachaka ngakhale maolawo asanakwane. Fyuluta nayo pa injini zambiri anaimangira chammbali, ndiye ukangoimasula oyilo amayenderera pathupi la injini kutsikira pansi.

Malita awiri aja savuta kwenikweni, amalowa m'chigubu. Wovuta ndi wotsalira. Kapaipi ka pampu ndi kopyapyala, ndipo oyilo akazizira amakakamira mkati mwake n'kumatuluka dontho limodzilimodzi. Fyuluta yakale ukaigwedeza umamva kuti mukadali zinthu. Fanelo imaoneka youma pamwamba koma kukhosi kwake kuli oyilo. Zida zimenezi zikanakhala m'galaja, pansi pa simenti posagwedezeka, bwenzi nkhani yake ili ya ukhondo chabe. Koma boti la matanga liyenda chopendekeka. Mwera ukawomba mu June ndi July, zonse za m'kabati zimagubuduzikira mbali imodzi, boti likatembenuka n'kubwerera mbali inayo. Ikafika October, kutentha kwa m'kati mwa boti lotsekedwa kumapyapyalitsa oyilo yense amene anakakamira, ndipo chigubu chotseka mwa ulesi chimayamba kutuluka thukuta pa chotsekera.

Makabati a m'boti anawapanga dala ndi timabowo pansi kuti madzi akalowa azitsikira ku bilge, kuja kunsi kwenikweni kumene madzi onse olowa m'boti amasonkhana. Oyilo naye amadzera njira yomweyo. Kumeneko kumakhala pampu yotaya madzi kunja, ndipo maboti ambiri pampuyo imadziliza yokha madzi akakwera, usiku, mwini wake ali mtulo ku Lilongwe. M'mawa anthu a pagombe amangoona utawaleza pamadzi mozungulira boti loyera mbee, lopukutidwa bwino, ngati la munthu wosamala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Ena akaona oyilo mu bilge amathiramo sopo waufa, kutakasa, n'kupopera kunja. Utawaleza uja umazimiririkadi, koma oyilo sanapite kulikonse. Sopo wangomuphwanya m'timadontho tosaoneka tosakanikirana ndi madzi, ndipo tsopano sangayoledwenso. Oyilo woyandama pamwamba ungathe kumuyamwa ndi nsanza kapena timapepala tapadera timene timamwa oyilo n'kusiya madzi. Wosakanizidwa ndi sopo amapita kumene kuli nsomba.

Ndamvapo anzanga akuti ndikukulitsa nkhani: nyanja yonseyi, kapu imodzi ya oyilo ingachite chiyani? Inde, dothi lokokoloka kumapiri ndi zonyansa za m'matauni zikuivulaza nyanja kuposa maboti ochepa a matanga amene tili nawo. Koma nyanja ya Malawi si mtsinje woti chotayidwa lero mawa chapita. Pozama kwambiri ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo mtsinje wotulukamo ndi Shire yekha. Madzi ambiri amachoka mouluka ndi dzuwa, n'kusiya momwemo chilichonse chimene anali nacho, moti kuti madzi onse a m'nyanjayi atulukire mu Shire pamafunika zaka mazanamazana. Bungwe la ku America loona za chilengedwe la EPA limati oyilo wochoka pa kusintha kumodzi kokha angathe kuipitsa magaloni 1 miliyoni a madzi akumwa. Ndiponso maboti sakocheza pakati pa nyanja. Amakocheza m'magombe otetezeka ku mphepo ngati ku Cape Maclear, Monkey Bay, Senga Bay ndi Nkhata Bay, pamadzi osaya pomwe amayi amatsuka mbale ndi kutunga, ana amasambira, ndipo mbuna zimadya ndere za pamiyala. Nsomba zimenezi ndi zomwe zinachititsa kuti Lake Malawi National Park, yokhazikitsidwa mu 1980, ilowe m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Mu Shire momwemo, pa Walker's Ferry, ndi pomwe Blantyre imatunga madzi ake ambiri.

Oyilo wakuda si wofanana ndi watsopano uja wooneka mbee m'chigubu. Wazungulira mu injini maola ambiri, watola mwaye, tizitsulo topereseka ndi zotsalira za mafuta opsa, zina mwa izo zodziwika kuti zimayambitsa khansa. N'chifukwa chake pa zigubu zambiri analembapo chenjezo lakuti asamakhalitse pakhungu. Amakaniko athu, ine ndemwe, tinakula tikuona manja akuda ngati umboni wakuti munthu ndi wolimbika. Magolovesi ndi otchipa kuposa fyuluta.

Ndowa imene ndikunenayi si chinthu choitanitsa kunja. Ya penti ya malita 20, ija ya chivundikiro chomana bwino m'mbali, imakwana. Pansi pake ndimayala katoni ndi nsanza zingapo kuti zizimwa zodontha. Ndikamaliza kupopa, ndimakhuthula pampu yonse m'chigubu chomwe mwachoka oyilo watsopano, chifukwa chimenecho anachipangira oyilo ndipo chotsekera chake chili ndi mazinga. Kapaipi ndimakapachika choimirira kukamwa kwake kuli m'chigubumo usiku wonse, m'mawa n'kutseka nsonga zake ziwiri ndi timabawuti tothina, kenako kukapinda n'kukaika m'pulasitiki yokhuthala. Majumbo opyapyala aja, kuwonjezera pa kuletsedwa ndi boma, amang'ambika akangokhudzana ndi kona ya chitsulo. Fyuluta ndimaiveka pulasitiki ndisanaimasule kuti igwere momwemo, ndipo kunsi kwake ndimayalako thewera la mwana lotaya lija, lomwe limamwa oyilo bwino kwambiri. Ikachoka ndimaizondotsa pa fanelo ikadali yotentha n'kuisiya maola 12 kapena kupitirira. Mudzadabwa kuchuluka kwa zimene zimatuluka.

Pali chizolowezi china chotsuka pampu ndi fanelo ndi parafini kapena dizilo kuti zikhale zoyera posunga. Ndimachikana. Chida cha oyilo wakuda chidzagwiranso oyilo wakuda, ndiye kuchitsuka n'kungodzipangira lita ina ya zonyansa zosowa kotaya, ndipo oyilo wosakanikirana ndi parafini, petulo kapena madzi oziziritsa injini amavuta kuti ayengedwenso. Kupukuta kunja ndi nsanza n'kokwanira. Chofunika kukhala choyera ndi fanelo yothirira oyilo watsopano, ndipo imeneyo ikhale ina, yosungidwa payokha, chifukwa mchenga ukalowa mu injini mtengo wake mukaudziwira kwa ogulitsa zipangizo.

Ndowa ikatsekedwa imangidwe ndi chingwe pamalo otsika, chapakati pa boti pomwe sipagwedezeka kwambiri, kutali ndi batire, paipi ya utsi ndi silinda ya gasi wophikira. Wina adzati m'boti mulibe malo. Amene ali ndi malo a bokosi la zakumwa zoziziritsa asandiuze zimenezo. Ndipo kunena zoona, kwa boti limene limagona pa gombe limodzi chaka chonse, zida zogwira ntchito kamodzi kapena kawiri pachaka zilibe chifukwa chokhalira pamadzi. Malo ake ndi kumtunda, m'kanyumba kokhoma. M'boti mutsale chigubu cha oyilo watsopano wowonjezera, fyuluta imodzi yosatsegula ndi sipanala yake. Okhawo opita ulendo wautali, monga wa ku Likoma, ndiwo angafunike kunyamula pampu.

Chimodzi chimene sindilolera ngakhale pang'ono ndi kuthira oyilo wakuda m'botolo la madzi akumwa, la zakumwa kapena la mafuta ophikira. Pagombe botolo lililonse lili ndi mwini wake wamawa. Mwana adzalitola, mayi adzalitsuka n'kuikamo thobwa.

Funso lovuta limayamba chigubu chikafika kumtunda. Pamenepo pamakhala anthu okonzeka kuchilandira ndi manja awiri. Wina akufuna kupaka mitengo ya denga kuti chiswe chisadye, wina kuthira m'chimbudzi kuti fungo ndi ntchentche zithe, wina kupaka galu wa nkhanambo. Mwini boti amapereka n'kumadziona kuti wathandiza mudzi. Wopaka mitengoyo ndimamumvetsa, mankhwala a chiswe ndi odula. Koma chimbudzi chokumbidwa mumchenga wa m'mbali mwa nyanja chimatumiza oyiloyo ku chitsime chapafupi ndiponso kunyanja komwe tamuchotsa, ndipo galu uja amadzinyambita. Kupereka oyilo kwa munthu amene sudziwa kuti akamutani n'chimodzimodzi kumutaya, kungoti watayitsa mnzako.

Asodzi asaganize kuti nkhaniyi ndi ya azungu ndi maboti awo. Injini za Yamaha Enduro zimene zimayendetsa maboti a usipa zimawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, choncho zilibe oyilo wa mu injini wosintha, koma zili ndi oyilo wa magiya kumunsi kufupi ndi pulopela. Ameneyo ndaona kangapo akukhuthulidwira pamchenga, mapazi ochepa kuchokera pomwe akuyanika nsomba. Injini za four-stroke za maboti onyamula alendo nazo zimasinthidwa oyilo ngati galimoto. Tikawonkhetsa onsewa, a matanga ndi ochepa kwambiri.

Pamagombe amene ine ndimagwirapo ntchito sindinapezepo mgolo wolandirira oyilo wakutha, ndipo mgolowo ukapanda kukhalapo, uphungu wanga wonse wa ndowa ukuthera panjira. Ku South Africa makampani ogulitsa oyilo anakhazikitsa ROSE Foundation mu 1994, ndipo amaipatsa ndalama malinga ndi oyilo amene agulitsa kuti wakutha azitoleredwa n'kukayengedwanso. Ife tili ndi lamulo la zachilengedwe la 2017 ndi bungwe la MEPA loti lizilitsata. Tili ndi dipatimenti yoona za maulendo a pamadzi imene imayeza maboti isanapereke ziphaso. Tili ndi makomiti a m'magombe, ma BVC, amene amadziwa boti lililonse ndi mwini wake. Woyeza boti akamawerenga majekete opulumutsira anthu ndi zozimitsira moto, afunsenso kuti oyilo wakuda amasungidwa muti ndipo asuzumire mu bilge. Pa gombe lililonse lalikulu pakhale mgolo wa malita 200 wokhala pa simenti ya mpanda waufupi, pansi pa denga, wokhoma, kiyi ali kwa komiti, ndipo malo ogona alendo amene ali ndi maboti ayambe ndiwo. Ndalama yogulira migolo ndi yoinyamulira ichokere kwa ogulitsa oyilo. Galimoto imene imabweretsa makatoni a oyilo watsopano ku Monkey Bay ikatsitsa imabwerera, ndipo mgolo wodzaza ungakwere momwemo.