NDEMANGA: Tisateme lantana pamalo amene sitidzabwererapo

Aliyense amene amayenda pa mseu wa ku Chadiza, wa ku Lundazi kapena wopita ku malire a Mwami anazionapo zitsamba zamaluwa ang'onoang'ono acikasu ndi ofiirira zimene zamera m'mbali mwa mseu, ku manda, m'minda yogonera ndi m'zigwa zotsika m'mapiri. Dzina lake ndi lantana. Ambiri a ife tinabzala tokha citsambaci ngati mpanda wochinga mbuzi, ena anacikonda cifukwa ca maluwa ake. Lero m'midzi ina cadya busa la ng'ombe, catseka njira za ku citsime, ndipo cikukwera m'mapiri momwe kale timadulamo udzu wofolerera nyumba.

Kukolola kukatha, mafumu, makomiti a pa chalichi ndi magulu a alimi amayamba kuitana anthu kuti atenge zikwanje akalambule. Ife tigwirizana nawo kuti lantana acoke. Koma tifuna kucenjeza kuti kulambula malo otsetsereka kumasiyana kwambiri ndi kulambula kudambo, ndipo gulu limene litema phiri lonse tsiku limodzi n'kupita osabwereranso litaya zinthu ziwiri: thukuta lake ndi nthaka yake.

Lantana si wa kuno. Kwao ndi ku Central America ndi South America, ndipo anafika mu Africa ngati duwa lokongoletsa pakhomo. Akatswiri a zacilengedwe anamuika pa mndandanda wa zamoyo 100 zoononga kwambiri zikafika kudziko lacilendo. Asiyana ndi kaufiti, amene ndi mdani wathu wakale wa m'munda wa cimanga. Lantana salimbana ndi mbeu imodzi yokha, amalanda malo onse. Mbalame zimadya tizipatso take takuda n'kukataya njere kutali, nthambi zake zikagona pa dothi lonyowa zimamera mizu, ndipo citsa cake cikatemedwa cimaphukira ndi nthambi zambiri kuposa poyamba. Pansi pa citsamba cothithikana udzu sumera bwino, ndipo timitengo ta msuku, mfula ndi mombo sitiona dzuwa.

Kodi timataya ciani tikamusiya? Coyamba ndi busa. Ng'ombe sizilowa m'zitsamba zaminga zolukanalukana, conco ziweto zonse za m'mudzi zimapanikizana pa kamalo kamene katsala mpaka udzu kutheratu. Caciwiri ndi ng'ombe zenizenizo. Masamba a lantana ali ndi poizoni amene amaononga ciwindi. Ng'ombe imene yadya ambiri imasiya kudya, imadzimbidwa, maso amacita cikasu, ndipo khungu la pamphuno ndi la malo oyera limasupuka ikakhala padzuwa. Ng'ombe zozolowera malo zimamupewa, koma zanjala ndi zacilendo zimadya. Tonse tikumbukira cilala ca 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lili pa tsoka. M'caka cotero, udzu ukauma msanga, cobiriwira cimene ng'ombe imaona m'phiri ndi lantana. Mlimi amene wataya ng'ombe imodzi ya pa goli amadziwa kuti wataya ulimi wa caka conse. Tizipatso take tosapsa nato ndi toopsa kwa ana, ndipo ku Kenya ndi ku Uganda zinapezeka kuti zitsamba za lantana zimasunga nchenche zija za kashembe zopatsa ziweto matenda.

Phindu locotsa lantana lilipo ndithu, sitikayika. Bvuto lili pa mtengo wake, ndipo apa m'pamene ambiri timawerengera molakwa.

Timawerengera tsiku lotema lokha. Timati anthu makumi awiri, zikwanje, thobwa ndi nsima ya masana, nchito yatha. Koma kutema ndi gawo locepa. Zitsa ziyenera kuzulidwa ndi khasu kapena piki, apo ayi zithiridwe mankhwala nthawi yomweyo zikangotemedwa. Kuphiri munthu sangaime bwino, pulawo ndi ngolo sizifika, miyala imabuntha makasu, ndipo zida, madzi ndi cakudya zonse zimakwera pamutu. Lima imodzi ya kuphiri imadya masiku ambiri kuposa lima ya pacidikha, ndipo wa ganyu amene adziwa zimenezi sangalandire malipiro ofanana. Kenaka mvula ikagwa njere zimene zinali m'dothi zimamera zonse pamodzi cifukwa tsopano zaona dzuwa. Wina ayenera kubwerera kukazula timbande timeneti caka cimeneco, caka cotsatira, ndi cinzake. Pokonza ndalama ndi masiku a nchito, tiwerengere zaka zitatu kapena kuposapo.

Amene akayika afunse anzathu a ku Southern Province. M'dambo la Kafue, mu paki ya Lochinvar, citsamba cina caminga cochedwa Mimosa pigra cinayamba pa mahekitala awiri okha ca m'ma 1980, koma pofika zaka za m'ma 2000 cinali citaphimba mahekitala pafupifupi 3,000. Pakati pa 2007 ndi 2009 anthu a m'midzi yozungulira analembedwa nchito ndipo analambula mahekitala pafupifupi 500. Ndalama za pulojekiti zitatha, panalibe wobwerera, citsamba cinameranso, ndipo mu 2017 mabungwe osamalira zacilengedwe pamodzi ndi dipatimenti ya nyama za kuthengo anayambiranso nchitoyo. Ku South Africa boma linakhazikitsa pulogalamu ya Working for Water mu 1995 yolemba anthu osauka nchito yocotsa zomera zacilendo, ndipo phunziro lalikulu limene anatolapo ndi lomwelo: malo olambulidwa akapanda kubwereredwa amabwerera mwakale. Ngati izi zinacitika kumene kunali ndalama za mabungwe akunja, nanga kwa ife odalira zikwanje zathu?

Mtengo waciwiri ndi umene suoneka tsiku la nchito: nthaka. Chipata ndi mzinda wa pakati pa mapiri, ndipo mvula yathu, pafupifupi mamilimita 1,000 pa caka, imagwa m'miyezi yocepa, kawirikawiri mwamkuntho. Tinene cilungamo, lantana sasunga nthaka ngati mmene udzu ndi mitengo yathu zimacitira, pakuti pansi pake pamakhala poyera. Komabe masamba ake amacepetsako mphamvu ya madontho ndipo mizu yake imagwirako dothi. Tikazula zonse m'mwezi wa October n'kusiya phiri lili mbee, titakumbakumba maenje a zitsa, mvula yoyamba ya November idzatsitsa dothi la pamwamba lonse. Lidzakwirira madimba a m'munsi, lidzatseka ngalande za m'makomboni, ndipo lina lidzathera m'madamu a Lutembwe amene mzinda umamwako madzi. Anthu a m'munsi mwa phiri la Kanjala sasowa wowauza mmene madzi amatope amatsikira kumwamba kukakhala kopanda mitengo. Lantana angathe kuzulidwa caka cina ciriconse, koma dothi limene lapita ndi madzi silibwerera m'moyo wa munthu mmodzi.

Palinso a moto. Iwo amati n'kubvutikiranji, machesi amodzi akwanira. Moto wa mu September ndi October umapha timitengo tathu, umatentha zinyalala zoteteza nthaka, koma citsa ca lantana cimatsala camoyo ndipo ndico cimayamba kuphuka. Moto wokha umathandiza lantana yemweyo. Enanso amathamangira mankhwala opha udzu n'kupopera phiri lonse. Mankhwala ndi odula, amapha ndi udzu womwe umene tifuna kuti umere, ndipo pamalo otsetsereka mvula imawatengera kumtsinje kumene amai amatunga. Ngati mankhwala agwiritsidwa nchito, apakidwe pa citsa cimodzicimodzi, motsata malangizo a mlangizi wa zaulimi wa m'dera, ndipo wopakayo abvale zodziteteza.

Nanga ticite bwanji? Ife tiona kuti nzeru yake ndi yosankha malo ndi kuyenda pang'onopang'ono. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Tiyambe kumene lantana wangoyamba kumene. Kuzula zitsamba khumi zomwazikana m'busa limene likali bwino ndi nchito ya m'mawa umodzi, ndipo kumapulumutsa malo akulu kuposa sabata yonse yolimbana ndi citsamba cakale cothithikana. Kenaka tibwere ku malo amene ali ndi phindu looneka: njira za ku citsime ndi ku sukulu, busa la pafupi ndi mudzi, m'mbali mwa minda, ndi kumene kumacokera akasupe.

Pamalo otsetsereka tilambule m'mizere yopingasa phiri, yotsata mulingo wa akalozera, osati yotsika. Mzere umodzi tilambule, wotsatira tiusiye kufikira woyambawo utamera zina. Nthambi zotemedwa ziume kaye, kenaka ziyalidwe mopingasa kuti zigwire dothi. Zikayalidwa zaziwisi pa dothi lonyowa zimamera. Kutema kucitike m'cilimwe tikatha kukolola, udzu wa vetiva ubzalidwe mvula ikakhazikika, ndipo zitsa zizulidwe ca mu March ndi April pamene dothi likali lofewa koma mvula yamkuntho yacepa. M'mphepete mwa zigwembe zakuya ndi pamaphompho tisazule kanthu kufikira titapeza cobzalapo.

Lamulo lathu likhale ili: pamene pacoka lantana pabwere cina nyengo yomweyo. Zobzala sitisowa. Pa Msekera, pafupi pomwepa, akatswiri anayesa kwa zaka zambiri mitengo yobwezera nthaka monga gliricidia, sesbania ndi tephrosia, ndipo alimi ambiri a m'cigawo cino anaibzalapo kale. Zitsa za mitengo yacilengedwe zimene zabisika m'kati mwa lantana zisamalidwe, pakuti zikaona dzuwa zimakula msanga kuposa mbande za ku nazale ndipo sizifuna ndalama. Mbuzi ndi ng'ombe zisalowe pamalo olambulidwa kwa nyengo imodzi kapena ziwiri. Ticenjerenso kuti tisacotse mlendo mmodzi n'kuitana wina. Maluwa aja acikasu akuluakulu amene ena amati deliya amathandiza ngati manyowa, koma nawonso ndi acilendo ndipo akalekereredwa amalanda malo.

Funso lotsala ndi lakuti alipire ndani. Phiri ndi la mudzi wonse, madzi ake amatsikira aliyense, conco si cilungamo kusiyira banja limene munda wake wagundana ndi phiri. Mutu umodzi susenza denga.

Tipempha mafumu athu, kuyambira kwa Inkosi ya Makosi Mpezeni ndi Kalonga Gawa Undi kufikira anyakwawa a m'midzi, kuti akagawa tsiku la nchito agawenso masiku obwerera, ndipo aike lamulo loletsa kubzala lantana ngati mpanda watsopano. Mpanda umodzi wa pakhomo umadyetsa mbalame njere zokwanira phiri lonse.

Tipempha makomiti a m'maparishi ndi miphakati kuti ayambe ndi malo ao. Manda ambiri, mabwalo a machalichi ndi minda ya mishoni ndi kumene lantana wakhazikika kwa zaka. Miphakati ili ndi cinthu cimene mapulojekiti alibe: imakumana sabata ndi sabata ndipo siitha ndalama zikatha. Mphakati umodzi utenge kagawo kamene ungakwanitse, ulembe m'buku tsiku lotema, tsiku lobzala ndi masiku okazula timbande, ndipo bukulo liwerengedwe pa msonkhano monga mmene timawerengera za cuma. Acinyamata amene agwira nchito yolemetsayi apatsidwe gawo pa udzu, nkhuni ndi uci zimene zidzacokere pamalopo.

Tipempha khonsolo ya mzinda wa Chipata ndi makhonsolo a Kasenengwa ndi Chipangali kuti nkhaniyi ailowetse m'mapulani ao. Kuyambira mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iriyonse, ndipo zinakweranso m'zaka zotsatira. Makomiti a citukuko a m'mawodi angathe kupempha makasu, mapiki, magolovesi ndi mbeu ya vetiva. Mu 2024 boma linalipira anthu pa pulogalamu ya Cash for Work kuti alambule ngalande ndi miseu. Nchito zotere zikabweranso, kuteteza mapiri kukhale m'gulu, koma ndalama zigawidwe pa zaka zingapo m'malo mothera pa mwezi umodzi wojambulitsa zithunzi. A unduna wa zaulimi, a zankhalango ndi a ZEMA atumize alangizi ao kuti akaime ndi anthu paphiripo ndi kuwasonyeza poyika mizere.

Kwa inu alimi anzathu, musanatenge cikwanje mukhale pansi ndi banja kapena gulu lanu, muyang'ane malowo, ndipo mudzifunse mafunso atatu. Kodi tidzabzalapo ciani? Kodi adzabwere ndani kudzazula timbande mvula ikagwa? Kodi tidzachinga bwanji ziweto ndi moto? Ngati mayankho alipo, temani. Ngati akwanira theka la lima, temani theka la lima, kwinako kudikire caka camawa. Theka la lima limene lasanduka busa lidzadyetsa ng'ombe, pamene phiri lonse lotemedwa n'kusiyidwa lidzatibwezera lantana yemweyo pa nthaka yoonda kuposa kale.