Kodi Roma Anagwa Kapena Anangosintha Malaya?

Pafupi ndi mtsinje wa Tiber, mumzinda wa Roma, pali phiri lomwe linaunjikidwa ndi manja a anthu. Dzina lake ndi Monte Testaccio. Ndi lalitali mamita pafupifupi 35, ndipo kuyambira pansi mpaka pansonga ndi mapale okhaokha. Mapalewa ndi a mitsuko pafupifupi 50 miliyoni imene inkabwera pa zombo itadzaza mafuta a azitona, yambiri kuchokera kum'mwera kwa Spain. Mafuta akatsanulidwa, mtsuko ankauswa n'kuutaya pamulu. Mzinda wa anthu pafupifupi miliyoni imodzi unkadya zolimidwa kutsidya la nyanja, moti dzala lake linasanduka phiri.

Patapita zaka mazana angapo, mzinda womwewo unatsala ndi anthu masauzande makumi ochepa chabe. Bwalo lalikulu la Forum, komwe ankazengera milandu ndi kupanga malamulo, linamera udzu, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu anayamba kulitchula kuti Campo Vaccino, ndiko kuti busa la ng'ombe. Akatswiri a mbiri yakale akhala akukangana kwa nthawi yaitali ngati chimene chinachitika pakati pa nyengo ziwirizi ndi kugwa kwa ufumu kapena kusintha kwa moyo chabe.

Mabuku ambiri a sukulu amanena kuti ufumu wa Roma wakumadzulo unatha m'chaka cha 476. Chaka chimenecho mkulu wa asilikali wotchedwa Odoacer anachotsa pampando Romulus Augustulus, mnyamata wamng'ono yemwe ankalamulira ali ku Ravenna. Sanamuphe. Anamutumiza kukakhala ku Campania, zovala zaufumu n'kuzitumiza ku Constantinople kwa mfumu Zeno. Tsiku limenelo palibe mzinda umene unapsa, ndipo mlimi wa ku Sicily anadzuka n'kupita kumunda monga mwa masiku onse. Ufumu wakum'mawa nawo unapitirira mpaka 1453, pamene Mehmed II analanda Constantinople, ndipo kufikira nthawi imeneyo eni ake ankadzitcha Aroma.

Amene amati Roma sanagwe amayambira pomwepa. Mkulu wawo ndi Peter Brown, yemwe mu 1971 anatulutsa buku lotchedwa The World of Late Antiquity. Iwo amati tiyang'ane zimene zinatsala. Theodoric, mfumu ya mtundu wa Goth yomwe inalamulira Italy kuyambira 493 mpaka 526, inasiya bwalo la akuluakulu la Senate likugwira ntchito, inasunga malamulo a Aroma, ndipo makalata ake ankalemba ndi Mroma wophunzira, Cassiodorus. Ambiri mwa mafumu atsopanowa anali Akhristu, ndipo ankafunitsitsa kuoneka ngati Aroma. Kumene abwanamkubwa anachoka, mabishopu anatenga udindo wodyetsa amphawi ndi kuyankhulira mizinda. Ngakhale mawu akuti dayosizi, omwe timawamva m'matchalitchi mwathu, poyamba ankatanthauza chigawo cha boma la Roma. Chilatini nacho sichinafe, chinabala Chitaliyana, Chifalansa, Chisipanishi ndi Chipwitikizi chimene abale athu a ku Tete amaphunzira kusukulu. Ndipo pa Khirisimasi ya chaka cha 800, Papa Leo III anaveka mfumu Charlemagne chisoti chaufumu ku Roma komweko. Kwa anthu a mbali iyi, chinthu chimene chasiya ana ochuluka chotere sichinganenedwe kuti chinafa.

Mbali inayo imayankha kuti anzawowa amathera nthawi m'mabuku a mabishopu ndi mafumu, osasuzumira m'khitchini. Bryan Ward-Perkins, katswiri wofukula zakale, anatulutsa mu 2005 buku la The Fall of Rome and the End of Civilization, ndipo umboni wake ndi wa m'dothi. Pa nthawi ya Aroma, ngakhale banja wamba lakumudzi linkatha kugula mbale zosalala zoumbidwa kutali, monga kumpoto kwa Africa, ndi kufolera nyumba ndi matailosi a dothi lowotcha. Ndalama zachitsulo zinkayenda m'misika yaing'ono. Ufumu utasweka, zonsezi zinayamba kusowa. Ku Britain zinaipa msanga. Asilikali a Roma atachoka cha m'ma 410, ndalama zinasiya kugwira ntchito, nyumba zamiyala zinasiya kumangidwa, ndipo luso loumba miphika pa gudumu linazimiririka kwa mibadwo ingapo. Mafupa ofukulidwa akusonyeza kuti ngakhale ng'ombe zinachepa msinkhu. Madzi oundana a ku Greenland, omwe amasunga utsi wa chaka ndi chaka, akusonyeza kuti ntchito yosungunula mtovu ndi siliva inatsika kwambiri poyerekeza ndi nyengo imene Roma anali pachimake. Umboni wotere ndi wovuta kuukana, chifukwa phale silikometsera nkhani pofuna kusangalatsa mfumu.

Kuti timvetse chifukwa chake miphika inasowa, tiyenera kutsata msonkho. Ufumu wa Roma unkayendera tirigu ndi golide wotoleredwa kwa alimi, ndipo gawo lalikulu linkapita kwa asilikali. Zombo zonyamula tirigu wa boma zinkanyamulanso mbale, vinyo ndi mafuta a amalonda, motero malonda ankakwera pamsana pa msonkho. Mu 376 anthu a mtundu wa Goth, pothawa a Hun, analoledwa kuwoloka mtsinje wa Danube. Akuluakulu a boma anawadyera masuku pamutu, mpaka kuwagulitsa nyama ya agalu posinthana ndi ana awo. Othawawo anaukira, ndipo mu 378 anapha mfumu Valens pa nkhondo ya ku Adrianople. Mu 410 Alaric, mtsogoleri wa a Goth, analowa mu Roma n'kufunkha kwa masiku atatu. Koma nkhonya yopweteka kwambiri inabwera mu 439, pamene a Vandal analanda Carthage, nkhokwe ya tirigu ndi msonkho wa kumadzulo konse. Chigawo chikatayika msonkho unkachepa, msonkho ukachepa asilikali ankachepa, asilikali akachepa chigawo china chinkatayika. Akuluakulu a nkhondo nawo ankatha mphamvu pomenyana okhaokha kulimbirana mpando. Edward Gibbon, yemwe buku lake lotchuka la kugwa kwa Roma linayamba kutuluka mu 1776, anaika gawo la mlanduwu pa Chikhristu, koma mfundo imeneyi ili ndi bowo: kum'mawa kunali Akhristu ochuluka kuposa kumadzulo, komabe ufumu wa kumeneko unakhalitsa zaka zina pafupifupi 1,000, chifukwa pa nthawi imene kumadzulo kunkasweka, tirigu wa ku Egypt ndi malinga a Constantinople zinali zidakalipo.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza nkhani yoti alendo ndiwo anawononga zonse. Italy anavulala kwambiri m'manja mwa Aroma anzake. Mfumu Justinian ya ku Constantinople inatumiza asilikali kuti akabweze dzikolo mu ufumu, ndipo nkhondoyo inatenga zaka pafupifupi 20, kuyambira 535 mpaka 554. Mu 537 a Goth, atazinga Roma, anadula ngalande zazikulu zobweretsa madzi mumzinda. Mu 541 munabuka mliri woopsa umene unafalikira madera ozungulira nyanja ya Mediterranean. Pamene nkhondo inkatha, Senate inali itatheratu mphamvu ndipo minda yambiri inali thengo. Roma yemwe anapulumuka kwa Alaric anafooketsedwa ndi omwe ankati abwera kudzamupulumutsa.

Nanga mlimi wamba, yemwe ndiye anali wochuluka m'dziko, anapindula kapena anataya? Apa ndi pamene mkanganowu umavutira. Ufumu sunali mayi wachifundo kwa iye. Lamulo la mfumu Constantine la mu 332 linkalola kumanga unyolo alimi obwereka minda amene akufuna kuthawa kwa eni minda. Wansembe wina wa ku Marseille, Salvian, analemba cha m'ma 440 kuti amphawi ankathawira kwa a Goth pothawa okhometsa msonkho. Priscus, kazembe yemwe anapita kwa Attila, mfumu ya a Hun, mu 449, anakumana ndi munthu woyankhula Chigiriki amene anamuuza kuti moyo pakati pa a Hun unkamukomera kuposa milandu ndi misonkho ya kwawo. Katswiri wina, Chris Wickham, amati boma litafooka, alimi a madera ena anayamba kudya gawo lalikulu la zokolola zawo. Mafupa a m'manda ena a ku Italy akusonyezanso kuti anthu sanafupike ufumu utatha, ndipo ena anatalikako.

Koma walira mvula walira matope. Mlimi amene anamasuka kwa wokhometsa msonkho anatsalanso wopanda msilikali womulondera, wopanda msika wa zotsala zake, ndiponso wopanda chombo chobweretsa tirigu chaka cha chilala. Dera lililonse linayamba kudya zake zokha, ndipo njala ikagwa inkagwa ndithu. Pofuna chitetezo, ambiri anadzipereka kwa munthu wamphamvu wa m'dera lawo, ndipo pang'ono ndi pang'ono zidzukulu zawo zinapezeka zomangika ku minda ya mabwana, kulima masiku ena a sabata popanda malipiro. Kulemba ndi kuwerenga, komwe kale kunkaoneka ngakhale pa zipupa za mumzinda wa Pompeii, kunatsalira makamaka kwa ansembe ndi amonke. Nyumba za amonke, monga ya Benedict ku Monte Cassino yomwe inayamba cha m'ma 529, zinasunga mabuku mwa kuwakopera pamanja pa zikopa, ndipo chimene sichinakoperedwe chinatayika.

Si chilungamo kutchula zaka 1,000 zonse zotsatira kutha kwa ufumu wakumadzulo kuti nyengo ya mdima, ganizo lomwe linachokera kwa mlembi Petrarch ndi anzake m'zaka za m'ma 1300 pofuna kukweza nyengo ya Roma wakale. Anthu a m'zaka zapakatizi anafalitsa khasu lolemera lokokedwa ndi ng'ombe, kasinthasintha wa mbewu m'minda itatu, ndi zigayo zoyendera madzi, moti kalembera wa ku England wa mu 1086, Domesday Book, anawerenga zigayo zoposa 5,000. Ku Baghdad ndi ku Cordoba, mabuku a Agiriki ankawerengedwa m'Chiarabu. Koma zambiri mwa izi zinabwera patapita zaka mazana, ndipo sizingafafanize zimene anakumana nazo anthu a m'zaka za m'ma 500 ndi 600.

Ndikaika mbali ziwirizi pa sikelo, ndimaona kuti zikuyeza zinthu zosiyana. Brown akuwerenga zimene anthu ankakhulupirira ndi kuyankhula, ndipo akunena zoona kuti zimenezo zinapitirira. Ward-Perkins akuwerenga zimene anthu ankadyeramo ndi kugonamo, ndipo nayenso akunena zoona kuti zimenezo zinatha. Ine ndimapendekera kwa wachiwiriyu, chifukwa dzina la ufumu limasungidwa ndi anthu ochepa odziwa kulemba, pamene denga lodontha limanyowetsa aliyense. Mawu akuti kusintha ndi ofewa kwambiri kwa mayi wa ku Britain amene agogo ake ankagula mbale pamsika ndi ndalama, iye akuphikira mu mphika woumba yekha umene suchedwa kusweka. Koma mawu akuti kugwa nawonso amabisa zoti ufumuwo unkayenda pa thukuta la akapolo ndi alimi omangidwa ku minda. Mafuta a m'mitsuko ya pa Monte Testaccio analimidwa ndi anthu omwe ambiri a iwo sanauonepo mzinda wa Roma, ndipo palibe amene analemba maganizo awo pa tsiku limene zombo zinasiya kubwera.