Kujambula Mopanda Odi

Kwathu kuno munthu salowa pakhomo pa mnzake osaodira. Ngakhale chitseko chili chotsekula, eni ake akukuona uli potero, umaimabe n'kunena kuti odi, ndipo umadikira akuyankhe. Koma pali ntchito ina imene mwini wake amakana dala kuodira. Ndi ya munthu woyenda m'misewu ndi kamera, wojambula anthu osawadziwa pa nthawi imene iwo sakuganizako n'komwe zojambulidwa. Akangoodira, chimene amachifuna chija chathawa: mayi uja wakonza duku, bambo uja waongola khosi, mwana waleka kulira, ndipo chotsala ndi chithunzi cha pachitupa.

Tisamusokoneze ndi wojambula amene ambirife tinakula tikumudziwa, wa panjinga uja, kamera ili lende pakhosi, wosasowa pa ukwati, pa chinkhoswe ndi pa tsiku lotsekera sukulu. Uyo ankachita kuitanidwa. Unkasamba, kubwereka nsapato, kulipira theka, kenako n'kudikira kuti akatsuke filimu m'tauni. Chithunzicho chikabwera chinali chako, unkachikhoma pakhoma kapena kuchitumiza kwa bwenzi. Wa mumsewu ndi wina. Palibe wamutuma, palibe woti amulipire tsiku limenelo, ndipo nkhope yako amapita nayo.

Moyo wake ndi wa miyendo. Amayenda, amaima pakona, amadikira kuti dzuwa lipendeke, amabwerera kunyumba wopanda kanthu, m'mawa mwake n'kupitanso pakona pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mawuwa si mwambi chabe. Henri Cartier-Bresson wa ku France, mmodzi mwa amene anayambitsa bungwe la ojambula la Magnum mu 1947, ankamata tepi yakuda pa malo onyezimira a kamera yake ya Leica kuti isakope maso a anthu. Vivian Maier anakhala zaka zambiri akulera ana a eni ake ku Chicago, ndipo kamera yake ya Rolleiflex inali yoyang'anira pamwamba ili pamimba, moti wodutsa sankaona diso likumuloza. Anasiya manegetivu oposa 100,000. Katundu wake anagulitsidwa pa okushoni mu 2007 atalephera kulipira malo osungira, ndipo iye anamwalira mu 2009 dzina lake lisanamveke. Amene akuganiza kuti ntchitoyi ndi ya ndalama ayambe waganiza za mayi ameneyu.

Koma munthu amene amandisowetsa tulo pa nkhaniyi ndi Ernest Cole wa ku South Africa. Anabadwa mu 1940 ku Eersterust, pafupi ndi Pretoria, ndipo anayamba ntchito ku magazini ya Drum ali mnyamata. Ataona mabuku a Cartier-Bresson anatsimikiza mtima kuti naye apanga buku, koma lake likhala la moyo wa munthu wakuda pansi pa ulamuliro wa tsankho. Anajambula apolisi akugwira anthu chifukwa cha pasi, sitima zodzaza mpaka anthu kulendewera kunja, ana opanikizana m'kalasi, amayi olera ana a azungu awo ali kutali. Kuti aziyenda momasukirako, anapusitsa akuluakulu a boma mpaka anamuchotsa m'gulu la anthu akuda n'kumulemba m'gulu la makaladi, dzina n'kusintha kuchoka pa Kole kukhala Cole. Kumigodi ankalowa kamera ataibisa m'pepala la kamba. Mu 1966 anatuluka m'dzikolo, ndipo mu 1967 buku lake la House of Bondage linatuluka ku New York. Boma la kwawo linaliletsa, ndipo iye sanapondenso kwawo.

M'bukumo muli chithunzi chimene ife sitingachione ngati cha anthu akutali. Amuna aima pamzere, ali mbulanda, manja ali m'mwamba, nkhope zaloza kukhoma, akudikira kupimidwa asanayambe ntchito ya mumgodi. Ndi njira imene azigogo athu a ku Joni anadutsamo. Wenela inkatenga amuna kuno chaka ndi chaka, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya kumeneko anali oposa 100,000, mpaka ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi 74, boma lathu linaimitsa kulembako. Cole akanati aodire, kapitawo akanamulanda kamera asanatsegule n'komwe pepala lija. Palibe mwini mgodi amene akanalola kuti dziko lione mmene amuna akuluakulu, a mabanja awo, ankavulidwira ngati ng'ombe zopita kudibi. Apa ndiye pagona mphamvu ya kujambula mopanda odi: pali zoona zina zimene sizijambulika ukapempha, chifukwa amene ali ndi mphamvu yokuloleza ndi yemweyo amene akupindula ndi mdimawo.

Komabe ndikachiyang'ana chithunzicho kachiwiri, mtima umandiuza kanthu kena. Amuna ajawo anavulidwa kamodzi ndi mgodi. Kamera inachititsa kuti akhale ovula mpaka lero, m'mabuku ndi pamakoma a nyumba zoonetsera zithunzi, pamaso pa anthu ovala bwino. Palibe anawafunsa. Kwa munthu woleredwa m'mwambo woti thupi la bambo wako suliona, ichi si chinthu chochepa, ndipo sindikufuna kuchipeputsa ndi mawu oti zinathandiza pa nkhondo yolimbana ndi tsankho. Zinathandizadi. Koma amene analipira mtengo wa umboniwo ndi matupi awo sanamve n'komwe kuti aperekapo kanthu.

Nkhani ya pa 16 June 1976 ku Soweto ikuonetsa poyera kuti mtengowo umagwera ndani. Sam Nzima, wojambula wa nyuzipepala ya The World, anajambula Mbuyisa Makhubo akuthamanga atanyamula Hector Pieterson amene apolisi anamuwombera, mlongo wake wa Hector akulira pambali. Nzima anabisa filimuyo m'sokosi. Chithunzicho chinazungulira dziko lonse ndipo chinatsegula maso a anthu amene ankakana kumva. Koma Mbuyisa, mnyamata amene anangotola mwana wovulala pamsewu, nkhope yake inadziwika kwa apolisi. Anathawa m'dzikolo, ndipo abale ake anamva za iye komaliza mu 1978 ali ku Nigeria. Nzima naye anasiya ntchito n'kubwerera kumudzi chifukwa cha kuopsezedwa, ndipo umwini wa chithunzi chakecho anaupeza mu 1998. Ku America nako, mayi wa pa chithunzi chotchuka chimene Dorothea Lange anajambula mu 1936, Florence Owens Thompson, atadziwika mu 1978 anadandaula kuti sanapezepo kalikonse, pamene nkhope yake inali itasanduka chizindikiro cha umphawi wa dziko lonselo.

Makhoti nawo sagwirizana. Ku New York, bambo wina wachiyuda wosunga kwambiri chipembedzo chake anasumira Philip-Lorca diCorcia, amene anamujambula mobisa pa Times Square n'kumagulitsa chithunzicho. Mu 2006 khoti linakana dandaulolo, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti chithunzicho ndi luso, ndipo luso ndi lotetezedwa. Ku Canada, mu 1998, khoti lalikulu linaweruza mokomera mtsikana amene anajambulidwa atakhala pamasitepe a nyumba ina ku Montreal, chithunzi chake n'kutuluka m'magazini iye osadziwa. Msewu ndi wa tonse, atero ena. Nkhope ndi ya mwini wake ngakhale ili pamsewu, atero enawo. Lamulo lingakuuze ngati ulipe kapena ayi, koma silikuuza ngati wachita bwino.

Ine pamene ndaima ndi apa. Sindivomereza zoti kujambula mopanda odi kuthe, chifukwa tikatero tidzatsala ndi zithunzi za anthu omwetulira pa misonkhano, ndipo adzukulu athu sadzadziwa mmene msika unkaonekera mvula ikagwa, kapena mmene mayi ankakwerera minibasi mwana ali kumbuyo, dengu lili pamutu. Mbiri ya anthu wamba kawirikawiri imasungidwa ndi amene anaiona osaitanidwa. Koma sindivomerezanso zoti mawu oti luso amachotsa ngongole. Chimene chimasiyanitsa Cole ndi mlendo wotsika m'galimoto yozizira n'kujambula ana a mamina pamphuno si kukongola kwa chithunzi. Cole ankakwera sitima zomwezo, apolisi omwewo ankamusaka, ndipo kamera yake inkaloza m'mwamba, kwa amene ankapondereza, ngakhale m'chithunzimo munali oponderezedwa. Mtengo nayenso anaulipira: ku New York anafika posowa pogona, ndipo anamwalira ndi khansa mu February 1990 ali ndi zaka 49, patangopita masiku ochepa Nelson Mandela atatuluka m'ndende.

N'chifukwa chake mayi wogulitsa tomato akakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Mukundijambuliranji? Mukufuna mukandigulitse kuti?" sindimuona ngati wosadziwa za luso. Wafunsa funso lenileni, limene ojambula ambiri amalizemba. Iye waonapo nkhope za anthu onga iye pa zikwangwani zopemphera thandizo, ndipo sanamvepo kuti mwini nkhopeyo analandira chiyani. Wojambula wanzeru amatsitsa kamera, amapereka moni umene anaudumpha uja, amaonetsa chimene wajambula, ndipo akauzidwa kuti fufutani amafufuta, ngakhale chikhale chithunzi chimene wachidikira mwezi wathunthu. Odi uja akhoza kubwera pambuyo. Ena amabwerera sabata yotsatira ndi chithunzi chotsukidwa n'kukachipereka kwa mwini wake, ndipo kawirikawiri apo mpamene pamayambira chibale chimene chimabala zithunzi zabwino kuposa choyamba chija, poti munthu amene wazolowereka pamalo saonekanso ngati mlendo.

Masiku ano vutoli lakula, chifukwa kamera ili m'thumba la aliyense. Ngozi ikachitika pamsewu, mafoni amafika msanga kuposa thandizo, ndipo pali mabanja amene amva za maliro a m'bale wawo poona chithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook, mthenga asanafike pakhomo. Ameneyo si wojambula wa mumsewu, ngakhale waima pamsewu. Koma zochita zake zimaipitsa dzina la onse, ndipo wojambula weniweni, amene amasankha chimodzi mwa zithunzi mazana n'kubisa zotsalazo, ndi amene amakumana ndi mkwiyo wa anthu otopa ndi kujambulidwa. Mbali yaikulu ya luso limeneli ili pa zimene wojambula wasankha kusaonetsa: woledzera wagona m'ngalande, wodwala misala wavula, mwana amene sangathe kukana.

Mu 2017 manegetivu a Cole okwana pafupifupi 60,000 anapezeka m'chipinda chosungira chuma cha banki ina ku Stockholm, ndipo mu 2024 Raoul Peck anatulutsa filimu ya moyo wa Cole. Dzina lake labwerera kwawo, ndipo n'koyenera kutero. Amuna a pamzere aja maina awo sanabwerere. M'midzi ya ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Mzimba mukadali agogo amene anaimapo pamzere wotero. Anabwera ndi wailesi, njinga ndi jekete, ndipo za ku Joni amasimba zambiri madzulo, koma za tsiku lovulidwa lija ambiri sazitchula. Ndikanakhala ndi buku la Cole m'manja, agogo otere ali pakhonde, ndikanafuna kwambiri kuti aone kuti panali wina amene anaziona ndipo sanakhale chete. Koma tsamba limenelo sindikanalitsegula ndisanawafunse kaye ngati akufuna kuliona.