Ma IT tikuwononga tokha ndi sikuludilaiva, kenako nkumanamizira akuba a ku Dar

Inu achimwene athu oyendetsa ma IT, lero tiyankhula zowawa pang'ono. Amene akwiye akwiye, tikakumana pa Kasumulu tidzamwera limodzi tiyi.

Ulendo wathawu tinali ku Kurasini kudikira mapepala a galimoto ziwiri. Pafupi nafe panali mnyamata wina, Mmalawi mnzathu, atangolandira kumene Sienta yachikale ija ya maso ozungulira, yoyera bwinobwino ngati sinayendepo. Bwana wake ku Lilongwe anali atamulamula pa foni kuti achotse baji, ma wheel cap ndi tizitsulo tonyezimira ta pazitseko, asunge mkati kuopa akuba usiku. Mnyamata anatulutsa sikuludilaiva yafulati, chinthu chachikulu, nkuilowetsa kuseri kwa baji ya kumbuyo. Tinangomva kuti thyo! Baji inatuluka zidutswa ziwiri, penti inakanuka mpaka chitsulo kuonekera, chitseko nkulowa mkati pang'ono pamene anatsamiritsa sikuludilaivayo. Sanachedwe, anaimba foni ife tikumva: "Bwana, galimoto ndaipeza yokandika kumbuyo, anthu akuno ndi akuba."

Ife takhala tikuyenda msewu umenewu zaka zambiri ndipo sitikukana kuti kuba kulipo. Tonse tinalandirapo galimoto yopanda jeke kapena wailesi, ndipo ena anadzukapo m'mawa nkupeza galasi la m'mbali palibe. Koma tinene chilungamo. Zokandika zambiri zimene timaona pa ma IT akafika Mzuzu kapena Lilongwe sanakande ndi wakuba. Wakuba amene akufuna kukagulitsa baji amaichotsa mosamala kuposa ife, chifukwa yothyoka palibe amgule. Amene amathyola ndi mwini ulendo, ali pa changu, m'manja muli chida cholakwika. Ena tinawaona akugwiritsa mpeni wa kukhitchini, ena msomali, wina mpaka chitsulo chochotsera tayala. Chitsulo chochotsera tayala pa Vitz, abale!

Vuto ndi lakuti ambiri sitidziwa kuti zinthu za kunja kwa galimoto zinagwira bwanji. Timangoganiza kuti chilichonse chimachoka ukachitema ndi mphamvu. Chonsecho china chinamatidwa ndi tepi yomata mbali zonse ziwiri, china chinagwira ndi timakilipu tapulasitiki, china chinamangidwa ndi naiti kuchokera mkati, ndipo chilichonse chili ndi chida chake.

Baji zambiri za kumbuyo, zilembo za dzina la galimoto, ndi mikwingwirima ya pulasitiki ya m'mbali mwa zitseko, kawirikawiri zimakhala za tepi. Apa sikuludilaiva ilibe ntchito ngakhale pang'ono. Chofunika ndi kutentha ndi ulusi. Imikani galimoto padzuwa, ndipo dzuwa la ku Dar silisowa, kapena thirani madzi ofunda bwino pa bajiyo kuti guluu afewe. Kenako tengani twaini wa mbedza, mumulowetse kuseri kwa baji, muzikoka uku ndi uku ngati mukucheka sopo. Muzikokera cha kwa inu kuti twaini azikhula baji osati penti. Anthu a ku Karonga ndi Nkhata Bay, twaini ameneyu muli naye kunyumba, mukusiyiranji? Mukamva twaini wakodwa pa chinthu cholimba, musakakamize. Baji zina zili ndi timiyendo tolowa m'mabowo a chitseko, ndiye chekani tepi mozungulira kenako muikoke molunjika. Guluu wotsalira mufikiseni ndi chala akadali wofunda, kapena mudonthezere WD-40 nkupukuta ndi kansalu. Thina ayi. Thina amadya kuwala kwa penti, pamatsala chigamba chimene polishi sangabwezeretse.

Za makilipu ndiye pamene pali nkhondo. Galimoto imene yatha zaka khumi kapena khumi ndi zisanu, pulasitiki wake anauma kalekale. Wakumana ndi chisanu cha ku Japan, dzuwa, kenako masabata angapo panyanja. Kilipu imene ikanapindika galimoto ili yatsopano, pano imangothyoka ngati bisiketi. Chida chake ndi tizopana tapulasitiki tija timene timagulitsidwa m'paketi, tina tafulati, tina tokhala ndi mphanda kumapeto. Ubwino wake ndi umodzi: ndi tofewa kuposa penti, ndiye mukakakamiza chimayamba kugonja ndi chida osati galimoto. Mphandayo ilowe pansi pa kilipu penipeni, osati pakati pa makilipu awiri, chifukwa mukatema pakati ndi pamene chinthu chimapindika. Pamene chida chikutsamira matanipo masking tape kapena ikani kansalu. Makilipu akuda ozungulira a pa bampala ndi grill ali ndi kamutu pakati. Ena mumakweza kamutuko kaye, ena mumakakankhira mkati pang'ono, kenako yonse imatuluka ndi zala. Mukaizula kamutu kasanamasuke, mwaipha. Ndipo musagwire ntchitoyi mbandakucha pa Makambako pamene kukuzizira zala kuuma. Pulasitiki wozizira sakambirana.

Pali china chimene ngakhale amakaniko ena sachidziwa. Masikuluwu ambiri a mtanda pa galimoto zakale za ku Japan si a Phillips amene tinazolowera. Ndi a mtundu wa JIS, ndipo ena mumawazindikira ndi kadontho kamene kali pamutu pafupi ndi mtandawo. Sikuludilaiva ya star wamba silowa mpaka pansi, imaterereka nkudya mutu wa sikuluwu, mapeto ake mukufuna dirilo. Mukapeza ya JIS nambala 2 gulani, musaibwereketse. Mukaisowa, bola ya star yatsopano yakuthwa bwino, mukanikize kwambiri musanapotoze. Onjezani soketi ya 10 ndi ya 8, chifukwa Toyota, Nissan ndi Honda tizinthu tating'ono tambiri anamanga ndi zimenezi. Pulayala pa naiti ayi.

Tsopano funso limene palibe amafunsa: kodi nchifukwa chiyani tikuchotsa zonsezi? Kuchoka Dar kufika Kasumulu ndi makilomita oposa 900, kudutsa Chalinze, Morogoro, Mikumi, phiri la Kitonga, Iringa, Makambako, Uyole, Tukuyu. Msewu wodzaza mathiraki ndi mabasi othamanga. Munthu wanzeru angachotse magalasi a m'mbali pa msewu umenewu? Tinamuonapo wina atatero, akusuzumira pa windo kuti aone kumbuyo. Apolisi a pamsewu akakuimitsani musati akuzondani. Galasilo linamangidwa ndi manaiti kuchokera mkati mwa chitseko, ndipo lili ndi waya wa magetsi. Mukalitema kunja mwathyola phazi lake. Kachitsulo konyezimira ka m'munsi mwa windo nakonso kasiyeni. Kakapindika sikawongokanso, ndipo mphira wake ndi umene umatchinga madzi kulowa m'chitseko. Inu amene mwayamba kubweretsa Toyota zatsopanopo, za 2015 kupita kutsogolo, samalani ndi baji ya kutsogolo: pa zina kuseri kwake kuli radar yothandiza kumanga mabuleki, si chokongoletsera chabe.

Kwa ife zoyenera kuchotsa ndi zochepa: ma wheel cap, eriyo ngati ili yopotokola, ndi zimene zili kale zogwedera zoti zikhoza kugwa panjira. Zinazo njira yake ndi kugona pa malo a mpanda okhala ndi mlonda, nkumupatsa kangachepe. Ndalama ya mlonda usiku umodzi siingafanane ndi yopopera chitseko penti.

Tikudziwa zimene muyankhe. Ena muti nthawi palibe, masiku a transit ndi owerengeka. Zoona, koma baji imodzi ndi twaini imatenga mphindi zisanu. Mumataya nthawi yoposa pamenepo mukudya chipsi mayai pa Chalinze. Ena muti galimoto ndi yakale kale, kakukandika kamodzi nkachiyani. Pitani mukamuuze zimenezo mayi amene watenga ngongole ku banki mkhonde, wadikira miyezi iwiri, walipira msonkho pa Songwe. Kwa iye imeneyo ndi galimoto yatsopano. Ndipo sitinaonepo msonkho ukutsika chifukwa chitseko chakandika. Komanso pamene penti yachoka mpaka pa chitsulo, ndi mpweya wa mchere wa ku Dar, dzimbiri silichedwa. Ikakhala nyengo ya mvula ya Marichi mpaka Meyi, mufika ku boda pataoneka kale kofiira. Ife ogulitsa timadziwa: kasitomala akaona dzimbiri pa chitseko cha kumbuyo amayamba kufunsa ngati galimoto inachita ngozi, ndiye mtengo watsika pomwepo.

Inu mabwana otuma, musaseke, mlandu wina ndi wanu. Mumakhala pa ofesi nkumalamula pa WhatsApp kuti "chotsa zonse", koma simunapereke ndalama ya chida ngakhale chimodzi, ndipo ya dalaivala mumaidula mpaka pa fupa. Mnyamata agwiritsa chiyani? Akathyola aopa kuti mumudula malipiro, ndiye anama. Bodza limenelo limagwera ejenti, limagwera mlonda, limagwera Atanzania amene tikhala nawo pa malonda mawa ndi mkuja. Tamvapo anthu akutukwanizana ndi ejenti amene wawathandiza zaka zambiri chifukwa cha baji imene anathyola ndi dalaivala wawo yemwe. Ngati mukufuna kudziwa woona, lamulani vidiyo ya galimoto yonse pamene akuilandira, asanaigwire chilichonse, ndi ina pofika pa Kasumulu. Dalaivala wachilungamo vidiyo imeneyo imamuteteza.

Zida zimenezi zonse zimakwana m'kathumba kamodzi: tizopana tapulasitiki, twaini, masking tape, sikuludilaiva yabwino, soketi ziwiri, kansalu, ndi makilipu a sipeya odzaza dzanja, chifukwa ngakhale mutasamala bwanji, awiri atatu athyoka basi. Fufuzani m'mashopu a masipeya ku Kariakoo, Gerezani kapena Ilala. Chiswahili chikakuvutani onetsani chithunzi pa foni, chifukwa mukangoti "bisibisi" akupatsani sikuludilaiva yachitsulo yomweyo tikuikanayi. Kilipu yakale tengani m'thumba kuti muyerekeze, mabowo ake amasiyana kukula.

Sienta ija tinaipezanso pa Uyole, mnyamata akuthira mafuta. Zidutswa za baji zinali pa dashibodi, ma wheel cap atatu pa mpando wa kumbuyo, wachinayi anati unasweka pochotsa. Tinamupatsa twaini wathu ndi kachopana kamodzi. Anatiuza kuti bwana wake waimbira kale ejenti ku Dar kuti alipire penti.