Lilongwe Ndi Kutali kwa Mayi Wodwala

Abale ndi alongo a m'nthambi zonse za Ntcheu, pali nthenda imene ikutha amayi athu mwakachetechete: khansa ya khomo la chiberekero. Dziko la Malawi liri m'gulu la maiko amene nthendayi ipha akazi ochuluka koposa. Ife tingoika maliro ndi kunong'onezana za ufiti. Iai, si ufiti! Nthendayi ichizika ikapezeka msanga.

Tiyamika kuti m'chaka cha 2019 Boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, ndi kuti linamanga chipatala cha khansa pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Koma nanga mayi wa ku Tsangano kapena ku Kasinje akafika bwanji kumeneko? Ayamba wadikira kukumba mbatata kuti apeze ya basi, ndipo pofika nthenda iri itakula kale.

M'chaka cha 2001, ku Abuja, atsogoleri a maiko a mu Afirika analonjeza kupatula magawo 15 mwa 100 a ndalama za boma kuti apite ku zaumoyo. Tsono aphungu athu akakumbutse lonjezoli ku Nyumba ya Malamulo, ndipo akapatulitse ndalama za zinthu zitatu izi: kupima amayi pa chipatala chaching'ono chirichonse, galimoto laulere la wodwala wotumizidwa ku Lilongwe, ndi mankhwala opha ululu kufupi ndi mudzi.

Apampando a nthambi, itanitsani misonkhano, pemphani mafumu akhalepo, ndipo lemberani phungu wanu kalata mwezi uno usanathe. Mutu umodzi susenza denga.