Walira Mvula Walira Matope: Mwana Akathyoka Pabwalo la Sukulu, Alipire Ndani?

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda miyambi ya makolo, lero ndadza ndi mwambi umene aliyense amaudziwa, koma ife akuluakulu a sukulu timauiwala likafika tsiku la mpira. Makolo anati walira mvula walira matope, kutanthauza kuti wofuna chabwino avomerenso zowawa zimene chabwinocho chimadza nazo. Motero sukulu kapena koleji imene ikulira chikho ivomerenso bondo loguluka ndi mwendo wothyoka wa mwana amene yamutuma kukatenga chikhocho. Kulandira ulemu n'kusiyira makolo matope ndi khalidwe limene makolo athu akadalitcha kuba.

Ndiyambe ndi kudzitsutsa ndekha. Zaka zambiri zapitazo, ndili mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina kuno kum'mwera kwa Lilongwe, tinali ndi mnyamata wa Sitandade 8 wotchinga kumbuyo, wanzeru m'kalasi ndiponso wolimba pabwalo. Pa masewero otsiriza a chikho anawombana ndi mnzake, ndipo fupa la msongolo linathyoka tonse tikumva. Panalibe galimoto, panalibe munthu wodziwa chithandizo choyamba. Tinamunyamula pa ngolo. Ine ndinapatsa amayi ake kandalama kochepa ka m'thumba mwanga, n'kuganiza kuti ndatha mbali yanga. Chikho tinachiika mu ofesi, pamwamba pa kabati. Mnyamatayo anagulitsitsa mbuzi za kwawo, mayeso anamudutsa, ndipo kusukulu sanabwererenso. Lero ndi bambo wa ana. Ndikakumana naye pamsika wa Mitundu akuyenda motsimphina, amavula chipewa nati, "Aphunzitsi, mwadzuka bwanji?" Ulemu umenewo umandibaya kuposa chipongwe.

Kodi makolo athu ankatero? Ayi ndithu. Munthu akaitana anzake ku dima, ankawaphikira, ndipo wina akadzitema ndi khasu m'mundamo, mwini munda sankapitiriza kumwa thobwa ngati palibe chachitika. Wopempha mwana wa mnzake kuti akamuthandize ntchito ankadziwa kuti ayenera kumubweza wamphumphu. Zikavuta, ankapita yekha kwa eni mwana, chipepeso chili m'manja, nakhala nawo pa matendawo kufikira atatha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sukulu ikaveka mwana jezi yokhala ndi dzina lake, yabwereka mwana wa eni, ndipo lamulo la dima layigwira.

Adzukulu athu ambiri tsopano ali m'sukulu za sekondale, m'makoleji a uphunzitsi, ndi ku Bunda pafupi pompa, kumene kuli LUANAR. Amasewera mpira wamiyendo, ntchemberembaye ndi masewero ena m'mipikisano ya MASSA ndi ya TESSAM. Sindikuloza chala sukulu iliyonse. Ndikungofunsa funso limene kholo lililonse liyenera kufunsa mwana asanavale jezi: akavulala, alipire ndani, alipire zingati, ndipo kufikira liti? Kumene kuli thumba la zachipatala la ophunzira, tione ngati limafika pa opaleshoni ndi mafizo, kapena limathera pa panado. Yankho likhale lolembedwa, pakuti la pakamwa limauluka ndi mphepo.

Taonani chodabwitsa ichi. Malamulo a dziko lino salola galimoto kuyenda pamsewu popanda inshuwaransi. Wantchito akavulala pantchito, lamulo la chipukutamisozi cha antchito la chaka cha 2000 limamuteteza. Koma wophunzira si wantchito. Minibasi yonyamula timu ili ndi pepala lake, mphunzitsi wamasewero ali ndi lamulo lomuikira kumbuyo, pamene mwana amene akukaponya thupi lake pansi pofuna kutchukitsa sukulu angatsale pakati, wopanda womugwira dzanja.

Vutoli si lathu lokha. Ku America, m'chaka cha 1955, wophunzira wina dzina lake Ray Dennison anamwalira atavulala m'mutu posewerera koleji ya Fort Lewis A&M ku Colorado. Mkazi wake atapempha chipukutamisozi cha antchito, khoti lalikulu la chigawocho linamukaniza, ponena kuti malemuyo sanali wantchito wa kolejiyo pa za mpira. Panapita zaka zambiri anthu akudandaula. Kuyambira mu August 2024, bungwe la NCAA, loyang'anira masewero a m'makoleji kumeneko, linakhazikitsa inshuwaransi yothandiza wovulala kwa zaka ziwiri atasiya kusewerera koleji yake. Iwo anaphunzira mochedwa ndiponso mowawa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chitsanzo china ndi mwana wathu Mwai Kumwenda, katswiri wa ntchemberembaye. M'chaka cha 2018 anaduka mtsempha wa m'bondo akusewerera Melbourne Vixens ku Australia. Analandira chithandizo choyenera, nabwerera pabwalo, ndipo mu 2020 timu yake inatenga chikho, iye nasankhidwa wosewera bwino koposa pa masewero otsiriza. Kuvulala komweko kukagwera mtsikana wa kwa Chadza kapena ku Nathenje, amamanga bondo ndi chitenje n'kukhala pakhonde, luso lake n'kuthera pomwepo. Mabondo awiriwa ndi amodzi. Chosiyana n'chakuti wina anali ndi anthu amene anakonzeratu za tsiku la tsoka.

Ndikudziwa zimene anzanga adzayankha. Ena adzati chipatala cha boma n'chaulere. N'zoona, ndipo tithokoze kuti kuyambira chaka cha 2023 pa Kamuzu Central Hospital pali chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION. Koma ulendo wochoka ku Mitundu kapena ku Nathenje kukafika kumeneko si waulere. Chakudya cha wodikirira matenda si chaulere. Chikhakha chikachotsedwa, maulendo obwerezabwereza okachita mafizo amafuna ndalama, ndipo mayi wogona pachipatala wasiya munda wake ukumera tchire. Teremu yotayika nayo ili ndi mtengo wake.

Ena adzati ndalama kulibe. Mawu amenewa ine ndinawanenapo, ndipo ndikudziwa kupepuka kwake. Ndalama ya jezi zatsopano imapezeka. Ndalama ya zakumwa za alendo olemekezeka imapezeka. Andale amaika zikho m'midzi mwathu, nadzajambulitsa akugwirana chanza ndi kaputeni, koma ndani wa iwo amatsalira kuti aperekeze mwana wothyoka? Inshuwaransi si nzeru yachilendo kwa ife. Amayi a banki nkhonde amasonkha kandalama kapadera ka matenda ndi maliro. Ngati amayi ogulitsa tomato amatha kutero, anthu a madigiri alephera bwanji? Mutu umodzi susenza denga, ndipo inshuwaransi ndi denga lomwelo losenzedwa ndi mitu yambiri.

Enanso adzati tsoka sasimba, mwana anasankha yekha kusewera. Inde, tsoka silinunkha. Koma chifukwa chomwecho mlimi amamanga nkhokwe chaka cha zokolola zambiri. Ndipo mwana amene aphunzitsi amuchotsa m'kalasi Lachisanu kuti akaimire sukulu sanasankhe yekha, watumidwa.

Tsono pempho langa kwa aphunzitsi aakulu, makomiti a sukulu, akuluakulu a makoleji ndi mabungwe a masewero ndi ili. Choyamba, mpikisano usayambe popanda munthu wophunzitsidwa chithandizo choyamba ndi galimoto yoima pafupi ndi bwalo. Chachiwiri, aliyense woika chikho, kaya ndi kampani kaya ndi phungu, apatule gawo la ndalamazo kuti likhale la ovulala, ndipo makoleji agulire osewera awo onse inshuwaransi ya ngozi ya gulu. Chachitatu, makolo alandire kalata yonena momveka chimene sukulu idzachita mwana akavulala. Chachinayi, malo a wovulala asungidwe, apatsidwe mwayi wolemba mayeso, ndipo chithandizo chisaleke chifukwa chakuti wamaliza maphunziro, pakuti bondo silidziwa tsiku lotsekera sukulu.

Inu adzukulu, sindikukuletsani mpira. Sewerani, thamangani, limbitsani matupi anu. Koma musanamange zingwe za nsapato, funsani mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, ndikathyoka, andisamale ndani?" Wamkulu wokwiya ndi funso limeneli ndiye kuti alibe yankho lake.

Chikho chathu chija chinachita dzimbiri kalekale, ndipo palibe akudziwa kumene chinatayidwa. Mwini mwendo uja akutsimphinabe. Madzi akatayika sawoleka, koma amene akali mumtsuko tingathe kuwasunga.

Ndatha ine agogo anu.