Kufufuta si mlandu

Anzanga, teremu yatha ndinang'amba masamba anayi m'kope langa la Masamu chifukwa choti ndinafufuta penapake. Ndinkafuna kope loyera mbee. Nthawi inathera kukopera, homuweki sindinamalize, kope nalo linatha msanga. Amayi anachita kugulitsa tomato kuti andigulire lina.

Kufuna kukhoza ndi kuopa kulakwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wofuna kukhoza akapeza 55 amafunsa aphunzitsi kuti, "Ndaphonya pati?" Woopa kulakwa akapeza 85 amabisa pepala poti sinakwane 100. M'kalasi sakweza dzanja ngakhale yankho akulidziwa, kuopa kusekedwa. Ineyo ndinali wotero.

Ife a Fomu 2, JCE ikubwera. A MANEB sapereka malikisi pa funso lomwe sunayankhe, kaya zolemba zako zikongole bwanji. Ukakakamira funso loyamba kuti likhale lopanda banga, nthawi idzatha otsalawo usanawakhudze.

Masiku ano ndikalakwitsa ndimadula kamzere kamodzi n'kupitiriza. Pomwe aphunzitsi alemba ndi cholembera chofiira ndi pomwe ndimayambira kuwerenga madzulo ndikachoka kumjigo. Mawa kwezani dzanja, olo muphonye.